Mwala Wochapira

Pa Chiromo, pomwe Ruo amalavulira matope mu Shire,
pali mwala wosalala womwe timachapirapo.
Ukautembenuza, kunsi kuli zilembo.
Ndinautembenuzapo kamodzi, madzi aakulu ataphwera,
n'kuwerenga ndi chala: Halikoti.
Chaka chobadwa chinadyeka ndi mchenga.

Kuno dzinalo silinamere.
Ankamuti Tsabola,
poti dzuwa linamupsereza mphuno ndi khosi
asanatsitse n'komwe mabokosi m'sitima ya pamadzi.
Anadza ndi mfuti ziwiri, botolo la kwinini,
sikelo yoyezera thonje
ndi chithunzi cha dona wa chipewa cha nthenga.

Dziko analipima ndi mapazi,
kuyambira pa mlambe wong'ambika mpaka ku migwalangwa ya kudambo,
nalipira nsalu zitatu za biriwita ndi galasi.
Olandira ankayesa abwereketsa dimba chilimwe chimodzi.
Pepala linanena zina.

Koma udzudzu sudziwa bwana.
Ankanjenjemera m'mabulangete atatu kunja kuli ng'anjo,
ndipo womufinyira kansanza konyowa pamphumi
anali Nyamphinga, mwana wa mpalasabwato,
amene buku la malipiro linamulemba motere:
wochapa, masheleni awiri.
Wochapayo anabala Fulanki, anabala Meriya,
anabalanso wina amene sanatuluke m'chikuta.
Ana a tsitsi lofewa, ogona kukhitchini,
oitana atate awo kuti Bwana.

Kenaka dona wa pachithunzi uja anatsika padooko
ndi limba lokulunga m'ziguduli.
Tsiku lomwelo Nyamphinga anasenza mtolo
kupita kuseri kwa nkhokwe ya thonje,
mapazi makumi asanu okha,
ulendo wautali kuposa wa ku Chinde.
Akuti donayo sanali wouma mtima.
Anapatsa Meriya riboni osamuyang'ana m'maso,
poti masowo ankawadziwa mwini wake.
Anakhala mvula ziwiri.
Chiswe chinadya limba,
malungo anadya kamwana kake kasanamere dzino,
iye n'kukwera sitima osacheuka.

Tsabola anatsala ndi sikelo yake ya njala:
dengu lodzaza ndendende, singano ili gone.
Mpaka lero a kwa Alufandika akandiona pamsika
amakodolana, ndi uyo mdzukulu wa sikelo.
Ndimaseka nawo, nanga n'kutani,
kwinaku ndikuwonjezera banyira pa mulu wa tomato
ngati ndikubweza ngongole
yomwe palibe anandiuza kukula kwake.

Mkodzo wake utada ngati tiyi wosathira mkaka
anaitana Nyamphinga ndi dzina, koyamba,
osati iwe, osati mtsikana.
Anati mawa ndilemba pepala,
munda wa kumlambe ukhale wa ana.
Tambala analira, iye sanamve.
Munda unapita ku kampani,
mfuti kwa bwana wa boma,
sikelo kwa mmwenye wa sitolo.
Nyamphinga anatsala ndi ketulo yodontha.

Abale a kutsidya la nyanja anatumiza mwala.
Unayenda miyezi inayi,
amuna asanu ndi mmodzi anausenza kuchoka padooko,
mmodzi mwa iwo Fulanki.
Sankadziwa kuwerenga, mwina zinakhala bwino:
Mwamuna wa Elinora, bambo wa mwana mmodzi.

Mtsinje suwerenganso.
Unafukula manda onse a azungu usiku umodzi,
mafupa unapita nawo ku dambo la Ndinde,
mwala n'kutisiyira pano, chafufumimba.

Lachiweru lililonse ndimabwera ndi beseni.
Yunifolomu ya Tayamika, matewera a wakhanda,
chitenje cha amayi chomwe chatha maluwa.
Tsiku lina ndinatiwerenga, a magazi a Meriya okha,
ndinalekera pa makumi anayi ndi atatu
poti sopo ankathawa ndi madzi.
Mnzanga amati bwanji umamenya chovala chonchi,
ngati mwala unakulakwira?
Ndimati ayi,
litsiro la kuno n'lokanika.